Khomo la magazi lomwe lili kunsi kwa lilime

Agogo anga aakazi, omwe adakalambira m'mudzi wina kuseri kwa phiri la Ntchisi, ankadya fodya. Ankamusunga m'kabotolo komangirira pamfundo ya chitenje, ndipo akatha nsima ankatsinako pang'ono, kuika m'kamwa, n'kukhala duu pakhonde akuyang'ana nkhungu ikutsika m'nkhalango. Tsiku lina msuweni wanga adawaona akuyasamula ndipo adakuwa: "Agogo, kunsi kwa lilime lanu kwada bii!" Tonse tidathamangira kukaona. Idali mitsempha iwiri yokhotakhota, yotupa, ndipo m'mbali mwake mudali timatuza takuda tonga mabulosi akupsa. Pofika madzulo nkhani idali itakula. Azakhali adati amenewo ndi magazi oipa aundana, pafunika munthu wodziwa kutema kuti atuluke. Amalume adati ndi fodyayo. Agogo adamvetsera onse, kenaka adati, "Ana inu, ndisiyeni. Sipakupweteka, ndipo lumo pakamwa panga ayi." Adakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake, mitsempha yawo ili chomwecho.

Nditakula n'kuyamba kuwerenga za kapangidwe ka thupi la munthu, mpamene ndidazindikira ngozi yomwe agogo adaizemba usiku uja. Kunsi kwa lilime ndi amodzi mwa malo ochepa pathupi pomwe mitsempha ya magazi yokulirapo imadutsa pamwamba penipeni, itangofunda kakhungu kopyapyala ngati pepala la m'kope. Lumo likakhudza pamenepo, magazi sachedwa kutuluka koma amavuta kuleka. Komabe kupyapyala komweko n'kumene kumalola mankhwala ena, ngakhale shuga wamba wa m'tiyi, kulowa m'magazi mwachangu osadikira m'mimba. Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 770,000 m'boma la Dowa ndi opitirira 317,000 m'boma la Ntchisi, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'zitunda ndi m'zigwa momwe ulendo wa kuchipatala umadya maola. Kwa anthu otere, kudziwa malo aang'ono amenewa si nkhani ya m'kalasi ayi.

Tengani kalilole, imani padzuwa kapena yatsani tochi ya foni, mukweze lilime mpaka nsonga yake igunde kuseri kwa mano a m'mwamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakati penipeni muona kamnofu kopyapyala konga kachingwe, komwe kamangirira lilime pansi pa kamwa. Kumanja ndi kumanzere kwa kachingweko kwadutsa mtsempha umodziumodzi wooneka wabuluu, woyambira kunsonga n'kulowera chakukhosi. Cha kunja pang'ono kuli kamzere ka mnofu konga mphonje za nsalu. Ndipo patsinde pa kachingwe pali titotupa tiwiri tokhala ndi timabowo. Mukadikira pang'ono muona madzi akutumphuka pamenepo ngati pakasupe. Amenewo ndi malovu ochokera m'zopangira malovu ziwiri za kunsi kwa nsagwada, zomwe zimatulutsa gawo lalikulu la malovu a m'kamwa munthu akakhala kuti sakudya. Timapaipi tobweretsa malovuwo adatilongosola ndi dokotala wa ku London, Thomas Wharton, mu 1656, ndipo mpaka lero timadziwika ndi dzina lake.

M'Chichewa liwu lakuti mtsempha limanyamula katundu wambiri. Mtsempha ndi njira ya magazi. Mtsempha ndi ulusi woyera wotumiza uthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Mtsempha ndiwonso chingwe cholimba chija chimatsalira m'mano tikamadya nyama ya ng'ombe yokalamba. Kunsi kwa lilime mitundu iwiri yoyambayo imayenda limodzi ngati anthu a ulendo umodzi. Wooneka ndi maso uja ndi wobweza magazi kumtima. Mkati mwake pang'ono mwabisala wina wobweretsa magazi kuchokera kumtima, womwe umapopa mwamphamvu, komanso mtsempha wa uthenga womwe umachititsa kuti lilime limve kutentha kwa phala ndi kukoma kwa ndiwo. Wotema amaona umodzi wokha. Enawo sawaona, koma lumo likalowa pang'ono limawapeza.

Magazi a m'mtsempha wooneka uja si abuluu, ndiponso si oipa. Ndi ofiira modera chifukwa asiya mpweya wabwino m'minofu ya lilime ndipo akubwerera kukatenga wina kumapapo. Ubuluuwo ndi mmene kuwala kumaonekera kukadutsa pakhungu. Akachoka kunsonga amakumana ndi timitsempha tina ta pansi pa kamwa, n'kutsikira mumtsempha waukulu wa m'mbali mwa khosi, womwe umakathira mumtsempha wina waukulu pachifuwa wolowa mumtima mwachindunji. Ulendo wonsewo ndi wa timphindi tochepa chabe.

Madokotala akale a ku Ulaya, omwe ankalemba m'Chilatini, adaipatsa mitsempha iwiriyi dzina lochokera ku liwu lawo lakuti rana, kutanthauza chule. Chotupa china chamadzi chomwe chimamera pansi pa lilime malovu akasowa potulukira adachitcha ranula, kachule, ndipo aliyense amene adakulira pafupi ndi dambo akachiona angavomereze, chifukwa chimafufuma ndi kuwala ngati mimba ya chule. Kwa zaka mazanamazana madokotala omwewo ankaboola mitsempha imeneyi munthu akatupa pammero, poganiza kuti akutulutsa magazi oipa. Choncho maganizo a azakhali anga sadali achilendo padziko. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mchitidwewu adausiya ataona kuti suchiza kanthu koma kufooketsa wodwala, pomwe kwathu mphini zidakali ndi ulemu wake.

Zomwe tidaona m'kamwa mwa agogo ndi ukalamba wa mitsempha basi. Zaka zikamapita, zipupa za mitsempha zimalobodoka ngati lamba wakale, magazi amadikha m'malo ena, ndipo mtsempha umatupa ndi kukhota monga imachitira ya m'miyendo mwa amayi ena obereka kambiri. Anthu ambiri okalamba ali nayo, sipweteka, sisanduka khansa, ndipo sifuna mankhwala. Pali chimodzi chokha choyenera kuchita nayo. Ofufuza a ku Sweden adalemba mu 2015 kuti mwa anthu omwe adawaona kuchipatala cha mano, okhala ndi mitsempha yotupa chonchi ankapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi (BP) kawirikawiri kuposa anzawo. Kuno kwathu kafukufuku wa 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Ndiye mukaiona mitsempha yotere mwa amayi kapena abambo anu, aperekezeni akayezetse BP ku Mponela, ku Madisi, ku Mtengowanthenga, kuboma, kapena pachipatala chilichonse chaching'ono chomwe muli nacho pafupi.

Amalume aja, pa nkhani ya fodya, sadaphonye kwenikweni. Fodya sangakhale yekha wotupitsa mitsempha, koma pansi pa kamwa ndi m'mbali mwa lilime ndi malo omwe khansa ya m'kamwa imakonda kuyambira, chifukwa malovu osakanikirana ndi fodya ndi kachasu amadikha pomwepo, pakakhungu kopyapyala kaja. Ife a Dowa ndi Ntchisi fodya ndi mbewu yathu, adatiphunzitsa ambiri sukulu, koma amene timamulima tiyenera kudziwa bwino zomwe amachita akakhala m'kamwa zaka 30. Kusiyanitsa mtsempha ndi chinthu choopsa sikovuta. Sambani m'manja, dinikizani ndi chala: mtsempha umafwefweka n'kuyera, mukachotsa chala umadzazanso. Chomwe sichisintha mukachidinikiza ndiye chofunika maso a dokotala. Banga loyera kapena lofiira losachoka, chilonda chomwe chatha masabata atatu osapola, kachotupa kolimba ngati njere ya chimanga, kapena zigamba zofiirira modera m'kamwa, zomwe nthawi zina zimakhala khansa ya Kaposi mwa anthu omwe chitetezo chawo chatsika, zonsezi n'zosadikira kuti mukolole kaye. Choopsa mwachangu kuposa zonse ndi dzino lakumunsi lobooka lomwe mafinya ake afalikira pansi pa kamwa, chibwano n'kuuma gwa, lilime n'kukankhidwira m'mwamba mpaka munthu kulephera kumeza malovu. Wilhelm von Ludwig wa ku Stuttgart adalongosola matendawa mu 1836, ndipo mpaka lero amatha kutseka mpweya usiku umodzi. Madokotala a mano ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Maphunziro awo adangoyamba mu 2019 ku College of Medicine mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Pamene tikudikira kuti achuluke, kalilole ndi tochi zili m'manja mwathu.

Kachingwe ka pakati kaja kali ndi nkhani yakeyake, ndipo imandiwawa chifukwa imakhudza makanda. Ana ena amabadwa kali kakafupi kapena kolimba moti lilime silituluka kupitirira nkhama. Ena mwa iwo amavutika kuyamwa, mayi mawere n'kuchita zilonda, mwana sikelo osakwera. Ambiri amayamwa bwinobwino ndipo safuna chilichonse. Ndamvapo makolo akunena kuti mwana wachibwibwi kapena wochedwa kuyankhula ndiye kuti lilime lake ndi lomangika, afunika kumudula. Chibwibwi sichichokera pakachingwe, ndipo mwana wochedwa kuyankhula choyamba kumuyeza ndi makutu. Pomwe kudula kukufunikadi, achipatala amakweza lilime ndi kachitsulo kokhala ndi mpata pakati, kachingwe n'kulowa mumpatamo, mitsempha iwiri ija n'kubisala kuseri kwa chitsulo, ndipo amadula pang'ono chabe pomwe palibe magazi ambiri. Kuseri kwa nyumba, ndi lezala, mwana akuphiriphitha, chitetezo chimenecho palibe. Khanda la makilogalamu 3 lili ndi magazi pafupifupi mamililita 250 m'thupi lonse, osadzaza ngakhale botolo la Fanta. Magazi a m'kamwa mwana amangowameza, ndiye makolo saona kuchuluka kwa omwe atayika mpaka manja atayera. Pamwamba pa apo pali kafumbata ndi matenda ena oyenda ndi lezala.

Tsono tiyeni ku mbali yomwe imandipatsa chiyembekezo. Piritsi lomwe mwameza limayenda ulendo wautali. Limafika m'mimba, kusungunuka, kulowa m'matumbo, ndipo magazi onse ochokera m'matumbo amayamba adutsa kuchiwindi asanapite kwina kulikonse. Chiwindi chili ngati wodulitsa ziphaso pachipata cha msika wa Mponela: palibe katundu wolowa osasiyapo kanthu, ndipo mankhwala ena chimawaphwanya pafupifupi onse. Oikidwa kunsi kwa lilime salowera pachipata chimenecho. Amadutsa kakhungu kaja, kugwera m'timitsempha, kutsika pakhosi, kufika kumtima. Chitsanzo chodziwika dziko lonse ndi nitroglycerin, yemwe William Murrell wa ku London adayamba kuthandizira anthu omva kupweteka kwa mtima pachifuwa mu 1879. Masiku ano kapiritsi kake amakaika kunsi kwa lilime, ndipo ululu umayamba kuchepa m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Izi sizikutanthauza kuti piritsi lililonse liziikidwa pamenepo. Kale ena ankaboola kapisozi wa nifedipine n'kuthira kunsi kwa lilime la munthu yemwe BP yakwera kwambiri, koma zidaoneka kuti BP imatha kugwa mwadzidzidzi mpaka munthu kufa ziwalo, ndipo madokotala adachenjezana kuti asiye.

Kwathu kuno khomo limeneli limagwira ntchito yaikulu m'chipinda chochirira amayi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo kutaya magazi mwana atabadwa ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Mankhwala oyamba pa vutoli ndi jakisoni wa oxytocin, koma amafuna filiji, ndipo filiji imafuna magetsi. Misoprostol ndi mapiritsi, saopa kutentha. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2012 adati pomwe oxytocin palibe, kapena sakuletsa magazi, mzamba angathe kuika mapiritsi okwana mamaikulogalamu 800 kunsi kwa lilime la mayi. Chiberekero chimakhwinyata n'kufinya mitsempha yomwe imatuluka magazi. Mayi amanjenjemera, thupi kutentha, koma zimenezo zimatha. Awa ndi mankhwala a m'manja mwa mzamba wophunzira, ndipo ntchito imeneyi amaigwira mwana atatuluka. Kuwapereka mwachisawawa mwana adakali m'mimba kungang'ambe chiberekero, monga momwe azamba amadandaulira ndi mankhwala azitsamba otchedwa mwanamphepo.

Koma nkhani yomwe ndikadakonda ifike m'nyumba iliyonse kuyambira ku Mvera mpaka kwa Nthondo ndi ya shuga.

Malungo amakula m'miyezi ya mvula, Januwale mpaka Malichi, nthawi yomwenso nkhokwe zambiri zili pululu. Mwana amayamba kudwala ali kale ndi njala. Akatentha thupi amakana chakudya, akadya amasanza, ndipo tizilombo ta malungo nato timadya shuga wa m'magazi mwake. Chiwindi cha mwana wamng'ono chimasunga shuga wochepa, sachedwa kutha. Ubongo sukhala ndi nkhokwe yakeyake. Shuga akatsika, mwana amafooka, amayamba kugona tulo tosadzuka, amakomoka. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo adaonetsa mu 1988 kuti mwana mmodzi mwa asanu alionse ofika ndi malungo aakulu adali ndi shuga wotsika kwambiri, ndipo ana otere ankamwalira kapena kulumala ubongo kuposa anzawo. Kuchipatala chithandizo chake ndi shuga wa m'dripi. Koma dripi imafuna munthu wodziwa kupeza mtsempha padzanja la mwana wofooka, ndipo munthu ameneyo ali kutsidya kwa mitsinje iwiri yodzaza.

Madokotala ogwira ntchito kumadzulo kwa Africa adadzifunsa ngati khomo la kunsi kwa lilime silingathandize pamenepa. Hubert Barennes ndi anzake adayesa ku Bobo-Dioulasso m'dziko la Burkina Faso n'kufalitsa zotsatira mu 2005, ndipo Bertrand Graz ndi anzake adayesanso pa ana odwala malungo aakulu ku Sikasso m'dziko la Mali mu 2008. Adapeza kuti shuga wamba wonyowetsedwa, akaikidwa kunsi kwa lilime, amakweza shuga wa m'magazi mwa ana ambiri m'mphindi zochepa, ndipo amayamba kugwira ntchito pomwe wina akadali kufunafuna mtsempha woika dripi. Adaonanso kuti mwana akangomeza shugayo nthawi yomweyo, thandizo limachedwa, choncho pamafunika kuikanso wina. Lero njira imeneyi ili m'malangizo a WHO a kasamalidwe ka ana odwala, ngati chochita pomwe dripi siingaikidwe msanga.

Ndikufuna ndimveke bwino, chifukwa pano pali moyo wa mwana. Shuga sachiza malungo. Sapha kachilombo ngakhale kamodzi. Ntchito yake ndi kusunga ubongo wamoyo kufikira mwana atafika pomwe pali mankhwala. Mwana wotentha thupi apite kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala tsiku lomwelo, asanafike pokomoka. Akafika pofooka moti sangathe kumwa kapena kuyamwa, mlangizi wa pachipatala cha m'mudzi ali ndi mankhwala a artesunate olowetsa kumbuyo omwe amapereka asanakutumizeni kuchipatala chachikulu, ndipo ulendowo usalephereke ngakhale mwana ataoneka kuti watsitsimuka.

Cholakwa chomwe chimachitika kawirikawiri chimachokera m'chikondi. Mwana wakomoka, agogo ake amunyamula pamiyendo, kumutsegula pakamwa ndi supuni, kumuthira madzi, tiyi kapena phala kuti apeze mphamvu. Mwana wokomoka sameza. Zomwe mwathirazo zimalowa kumapapo, ndipo akapulumuka malungo amadzadwala chibayo. Kusiyana kwa kuthira ndi kuika kunsi kwa lilime n'kwakuti njira yachiwiriyi sifuna kumeza konse.

Kachitidwe kake ndi aka. Mugonekeni mwana chammbali kuti malovu ndi masanzi zizitulukira kunja. Ngati akugwedezeka ndipo waluma mano, musakanule ndi supuni kapena chala. Dikirani nsagwada zimasuke. Tengani supuni yaing'ono ya tiyi ya shuga, yosasefukira, mudonthezere madzi aukhondo madontho ochepa kuti angonyowa ngati dothi loumbira, osati kusungunuka. Ndi chala chosamba, kwezani lilime, muike shugayo pansi pake, m'mbali mwa kachingwe, pomwe pali mitsempha iwiri ija. Musathire madzi pamwamba. Ngati mwana wameza, ikaninso wina. Wamkulu wodwala matenda a shuga yemwe wabaya insulin kapena wamwa mapiritsi ake osadya, n'kuyamba thukuta ndi kubwebweta mpaka kukomoka, mungamuthandize chimodzimodzi pamene mukufuna thiransipoti.

Pafupifupi mayi aliyense wopita kukadikirira wodwala kuchipatala amanyamula kale kapepala ka shuga m'dengu, pamodzi ndi ufa, mchere ndi kapu, kuti azikathira m'tiyi kuwodi. Kapepala kameneko kasakhale pansi pa ufa. Kakhale pamfundo ya chitenje, ndi supuni ndi kabotolo ka madzi, pomwe dzanja lingafike muli pakabaza. Msewu wochokera kwa Kasakula kupita kuboma nthawi ya mvula ndi wamatope ndi zitunda, ndipo wakabaza safuna kuima akapeza poyenda bwino. Muuzeni musananyamuke kuti, "Achimwene, pakatha mphindi 20 zilizonse tiziima pang'ono." Akaima, tsikani, mumpendeketse mwana chammbali pamiyendo panu, muone ngati akupuma bwino, mukweze lilime, muikenso shuga, n'kukweranso.